Mantha Ogula ndi Tikiti

Akuluakulu adati ukayenda uzisiya phazi, chifukwa ukasiya mlomo umakutsata. Mwambi umenewu ndidaumva ndili mwana, ndidaulembanso pa mayeso a Chichewa ku sekondale, koma tanthauzo lake ndidakalipeza kutali ndi kwathu, mumdima wa nyumba yoonetsera kanema mu mzinda wa Cape Town. Kumeneko n'kumene mlomo wanga, umene ndidausiya m'mudzi wina kuno kwathu, udandipeza. Kuyambira usiku umenewo ndakhala ndikulimbana ndi funso limene ndikufuna tiligawane, awerengi anzanga. Kodi n'koyenera kuti munthu apise m'thumba ndi kugula mantha ngati chinthu chosangalatsa, pamene pansi pano pali anthu amene akufa chifukwa cha mantha?

Ndine wogwira ntchito m'boma, ndipo zaka zanga zambiri zathera pakati pa mafayilo, malipoti ndi misonkhano. Ndikadali wachinyamata pantchito, ofesi yathu idanditumiza ku maphunziro a milungu itatu ku Cape Town chakumapeto kwa mwezi wa Okutobala. Kumeneko kudali msuweni wanga amene ankaperekera zakudya mu lesitilanti ina m'tauni. Tsiku lina madzulo adandipeza kumene ndinkagona.

"Asuweni, valani jekete," adatero akuseka. "Lero tikaone mmene anthu a kuno amagulira mantha. Ndalama muli nazo ndinu a boma, ine ndingokulondolerani njira."

Idali nyengo ya Halloween. Mwambo umenewu umachitika usiku wa pa 31 Okutobala, tsiku loti mawa lake, pa 1 Novembala, mipingo ina ikumbukira oyera mtima onse, ndipo mkuja wake, pa 2 Novembala, ikumbukira anthu amene adamwalira. Ambiri amaugwirizanitsa ndi mwambo wakale wa ku Ireland ndi Scotland wotchedwa Samhain, umene unkatsekera nyengo yokolola ndi kulandira nyengo yozizira. Anthu a ku Ireland amene adasamukira ku America, makamaka pothawa njala yaikulu imene idayamba mu 1845, adapita nawo mwambowu. Kumeneko udakula n'kusanduka wa maungu osemedwa nkhope, zovala zoopsa ndi ana oyenda khomo ndi khomo kupempha maswiti. Kenaka kanema ndi malonda zidaufalitsa mpaka kufika kummwera kwa Africa, kumene Okutobala ndi mwezi woti kunja kwayamba kufunda.

Kumene msuweni wanga adanditengera kudali ku chikondwerero cha mafilimu oopsa chotchedwa South African HorrorFest. Chikondwererochi chidayamba mu 2005, ndipo ine ndidachiona m'zaka zake zoyambirira. Chinkachitikira ku Labia Theatre, nyumba yakale yoonetsera kanema pa msewu wa Orange Street, imene idatsegulidwa mu 1949. Pakhomo tidapeza anthu atapaka nkhope zawo utoto woyera ngati ufa, ena atadzidontheza utoto wofiira m'khosi, ena atavala mano a pulasitiki. Ankajambulana zithunzi, kuseka ndi kumwa zakumwa zawo. Ine ndidaima pambali ndi tayi wanga, mtima ukundiuza zinthu ziwiri. Choyamba, kuti izi n'zimene kutchalitchi amatichenjeza. Chachiwiri, kuti anthu okhuta amasowadi chochita. Komabe ndidatulutsa marandi a alawansi yanga ndi kugula matikiti awiri.

Usiku umenewo ankaonetsa filimu yakale ya ku Germany yotchedwa Nosferatu, imene F. W. Murnau adaipanga mu 1922. Filimuyi ilibe mawu. Zolankhula zimalembedwa pa chinsalu, ndipo gulu la oimba lidakhala kutsogolo n'kumaimba zida zawo motsatana ndi zithunzi. Nkhani yake idatengedwa popanda chilolezo m'buku la Dracula limene Bram Stoker adalemba mu 1897, moti mkazi wamasiye wa mlembiyo adasuma, ndipo mu 1925 khoti lidalamula kuti makope onse a filimuyi awonongedwe. Ena adapulumuka, n'chifukwa chake ife tidaiona. Imakamba za Count Orlok, chilombo chooneka ngati munthu, cha mutu wadazi, makutu osongoka ndi zikhadabo zazitali, chimene chimagona m'bokosi la maliro masana ndi kudzuka usiku kukayamwa magazi a anthu. Chimayenda pa sitima ya pamadzi pamodzi ndi makoswe, ndipo chikafika m'tauni ya Wisborg mliri umabuka.

Chilombocho chitangoweramira pakhosi la munthu wogona, msuweni wanga adandigunda ndi chigongono.

"Asuweni, ameneyutu ndi namapopa," adanong'ona. "Kani azungu nawonso ali nawo?"

Iye ankaseka. Inenso ndidayesa kuseka, koma m'mimba mudazizira. Ndidapirirabe mpaka pamene filimu idafika pa chigawo chimene sindidzachiiwala. Mliri utakula, mabokosi a maliro atandanda mumsewu, anthu a m'tauniyo amayamba kufunafuna woti amuloze chala. Amasankha Knock, munthu wodwala misala amene wathawa m'chipinda chimene adamutsekera. N'zoona kuti Knock si munthu wosalakwa m'nkhaniyi, pakuti ndi kapolo wa chilombocho ndipo wapha mlonda pothawa. Koma mliri sadaubweretse ndiye, ndipo ngakhale akadamupha maliro sakadaleka. Chikhamu cha anthu chimamuthamangitsa m'misewu mpaka kuminda. Kumeneko chimaona chidole choopsezera mbalame chitaima m'munda, n'kuchiyesa munthuyo, ndipo chimachigwera ndi kuchikhadzulakhadzula. Ena mu holomo adaseka kupusa kwa chikhamucho. Ine thukuta lidali kamukamu, chifukwa chikhamu chimenecho ndidachizindikira. Ndidakhalamo.

Ndiloleni ndikubwezeni ku Disembala wa 2002. Chidali chaka cha njala, ndipo ine ndidali kalaliki wongoyamba kumene ntchito pa boma lina la m'chigawo cha kummwera. Ndinkachita lendi kanyumba m'mudzi wa pafupi ndi msika. Mphekesera ya anamapopa idali ponseponse. Ankati kukubwera anthu usiku, amapopera mankhwala ogonetsa pazenera, amalowa ndi mapaipi ndi kupopa magazi a anthu, ndipo magaziwo boma likusinthanitsa ndi chimanga cha chithandizo. Nkhani yotere siidali yachilendo kwenikweni. Akuluakulu ankakumbukira kuti pa nthawi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe mu Blantyre, pakati pa 1968 ndi 1970, kudamvekanso kuti magazi akutumizidwa ku South Africa kukabwezera ngongole. Mu 2002 anthu adasiya kugona m'nyumba. Ankagona m'magulu panja, ng'oma ndi zitini zili pambali kuti wina akaona chachilendo achenjeze mudzi. Ku Thyolo munthu adaphedwa ndi miyala, ndipo ansembe atatu a mpingo wa Katolika adachitidwa chipongwe. Mu Januwale 2003 Eric Chiwaya, mkulu wa chipani cholamula mu mzinda wa Blantyre, adagendedwa mpaka kugonekedwa m'chipatala. Pulezidenti Bakili Muluzi adatsutsa mphekeserayo poyera, koma kukana kwa boma kunkangokhala ngati kuthira palafini pamoto.

Usiku wina ndikubwerera kunyumba mochedwa, ndidaona galimoto loyera litaima pafupi ndi mlatho, nyali zake zili zozima. Pambali pake padali munthu ali ndi tochi ndi chikwama. Ndidadutsa mofulumira. Zimene ndidaona n'zokhazo. M'mawa mwake m'tiyirumu ya pamsika anthu ankakamba za anamapopa, ndipo ine, mnyamata wobwera amene palibe ankamulabadira, ndidati, "Inetu dzulo ndawaona." Makapu onse adaikidwa pansi. Kwa nthawi yoyamba chifikireni pamalopo, maso a akuluakulu adali pa ine. Ndidafotokoza za galimotolo. Poona kuti akumvetsera, ndidawonjezera kuti m'chikwamamo munkatuluka kanthu konga paipi. Wina adandigulira tiyi wina ndi sikono. Pofika masana nkhani ija idandibwerera kudzera kwa mayi wogulitsa mandasi, ili ndi anthu anayi, mabotolo ndi fungo la mankhwala. Sindidaikonze.

Patapita masiku awiri, kuli kachisisira, zitini zidalira. Anthu adagwira bambo wina wachilendo ali pa njinga, atamangirira mapaipi ndi chikwama cha masipanala pakaliyala. Adali wokonza mijigo, akuchokera m'mudzi woyandikana nawo. Adalira kuti afunse amfumu a kumene wachokera, koma palibe adamumva. Ndidamva munthu akufuula kuti, "Ndi yemwe uja adamuona akalaliki pamlatho!" Ine ndidali pomwepo. Ndinkadziwa kuti nkhope ya munthu wa pamlatho sindidaione, ndinkadziwanso kuti paipi ija ndidaiika ndekha m'nkhani. Ndikadatha kukweza mawu. Ndidaopa kuti chikhamucho chinganditembenukire, pakuti inenso ndidali wobwera, komanso wa boma. Apolisi adafika bamboyo akupumabe, koma mkono utathyoka ndiponso diso limodzi litawonongeka. Pambuyo pake kudamveka kuti galimoto la pamlatho lidali la wogula mbewu, ndipo lidangofa batire.

Zimenezi n'zimene chidole cha m'munda chija chidandikumbutsa. Filimu itatha nyali zidayaka, anthu adawomba m'manja, ndipo amene adavala mano a pulasitiki adawavula kuti amwe bwino zakumwa zawo. Ine ndidatuluka nditakwiya. Ndidauza msuweni wanga kuti anthu amenewa akusewera ndi zinthu zimene kwathu zimapha anthu, ndipo akutero chifukwa sadagonepo panja kuopa namapopa. Iye adangoti, "Asuweni, mwalipira nokha, ndiye mukukwiyira yani?" Funso lachibwanali landitengera zaka kuti ndiliyankhe.

Tiyambe ndi mlandu umene ndidawazenga usiku uja, pakuti si wopanda maziko. Augustine, mwana wa kumpoto kwa Africa amene adabadwa mu 354 m'dera limene lero ndi Algeria, adadzifunsa m'buku lake la Confessions chifukwa chimene munthu amafunira kukaonera pabwalo la zisudzo zinthu zomvetsa chisoni zimene sangafune kuti zimugwere. Iye adaona kuti chifundo cha woonerera n'chachabe, chifukwa sichimudzutsa pampando kuti akathandize wovutikayo. Adasimbanso za bwenzi lake Alypius, amene anzake adamukokera ku Rome kukaonera anthu akuphana pabwalo la masewero. Alypius adatseka maso kuti asaone, koma chikhamu chitafuula adawatsegula, ndipo kuona magazi kudamuledzeretsa moti adayamba kubwererako yekha ndi kukokerako ena. Phunziro lake n'lakuti diso likazolowera nkhanza, mtima umachita chikanga. Ndani angatsutse kuti pali mafilimu ena amene cholinga chake n'kungotionetsa thupi la munthu likudulidwa ngati nyama ya pabutchala?

Palinso umboni wa pafupi ndi ife. Mu 1999 ku Nigeria kudatuluka filimu yotchedwa End of the Wicked, imene imaonetsa ana akutengedwa usiku kupita ku msonkhano wa afiti, kudya nyama ya munthu ndi kubweretsa tsoka pa makolo awo. Mabungwe oona za ufulu wa ana adadandaula kuti filimu imeneyi, pamodzi ndi maulaliki ofanana nayo, idathandizira kuti ana ambiri m'madera monga Akwa Ibom azinenedwa kuti ndi afiti, kumenyedwa ndi kuthamangitsidwa pakhomo. Eni filimuyo adakana mlanduwo, koma nkhaniyo idamveka dziko lonse mu 2008 pamene wailesi ya kanema ya Channel 4 ya ku Britain idaonetsa za anawo. Amene tidakhalapo pa mabenchi a mavidiyo sho a m'misika yathu tikudziwa kuti ambiri ankaonera mafilimu a ufiti a ku Nigeria ngati akuonera umboni wa zimene zimachitikadi usiku. Choncho amene amati filimu ndi filimu basi, sangavulaze munthu, sadaganize mokwanira.

Komatu mlandu wanga udali ndi chibowo chachikulu, ndipo chibowocho ndidali ine mwini. Ndinkanena ngati kukoma kwa mantha ndi matenda a anthu okhuta a ku Cape Town. Nanga chimene chidandikoma m'tiyirumu muja chidali chiyani? Nanga amene adaika makapu pansi ndi kundigulira sikono ankagula chiyani? Tidali anthu anjala, ogona panja, komabe nkhani yoopsa inkatikoma. Plato, m'buku lake la Republic, adasimba za Leontius amene podutsa pamalo ophera anthu olakwa adaona mitembo. Mtima wina unkamuletsa, wina unkamukoka, mpaka adathamangirako akutukwana maso ake omwe. Ifenso tikamva kuti minibasi yagubuduzika timathamangira komweko, ndipo si tonse timapita kukanyamula ovulala. Chilakolako chofuna kusuzumira chinthu choopsa chili mwa munthu aliyense, wokhuta ndi wanjala yemwe. Ngati zili choncho, kufunsa ngati tiyenera kukhala nacho n'kutaya nthawi. Chofunika kufunsa n'chakuti tichidyetsere kuti, ndipo tichidyetse chiyani.

Makolo athu adali nalo yankho. Ndikukumbukira agogo anga aakazi akutisonkhanitsa pamoto nthawi ya masika. Akati "Padangokhala," ife tinkayankha kuti "Tili tonse," ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chinkatheka. Fisi ankavala khungu la munthu n'kudzakwatira mtsikana wonyada. Chilombo chinkameza mudzi wonse. Tinkakanikizana, wamng'ono n'kubisa nkhope m'chitenje cha agogo, koma mawa lake tinkapemphanso nthano yomweyo. Taonani mmene mantha amenewo adawamangira mpanda. Adali ndi khomo lolowera, ndiwo mawu oyambira aja. Adali ndi khomo lotulukira, pakuti agogo akati "Kaphuleni mbatata," ife n'kuti "Yapserera," aliyense ankadziwa kuti chilombo chabwerera kwawo. Adali ndi nthawi yake, chifukwa kukamba nthano masana kunkaletsedwa. Ndipo mawu akuti "tili tonse" ankatikumbutsa kuti palibe akuopa yekha. Choposa zonse, agogo sadanenepo kuti fisi wa m'nthanoyo ndi bambo wakutiwakuti wa kutsidya kwa mtsinje.

Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 monga chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, amatiphunzitsanso zofanana. Zilombo zimatuluka kudambwe ndipo ana ndi amayi amathawa, koma zimabwera pa nthawi yodziwika, pa maliro, pa chinamwali kapena polonga ufumu, ndipo zimavina pabwalo pamaso pa mfumu ndi akuluakulu a mwambo. Kuopsa kwake kuli ndi eni ake oti ayankhepo. N'chifukwa chake gule akachoka pabwalo n'kuyamba kutchingira anthu pamsewu ndi kuwalanda ndalama, oyamba kudzudzula amakhala mafumu a Achewa omwe. Amadziwa kuti mantha akadumpha mpanda salinso mwambo.

Anzeru a kunja adafika pa mfundo yomweyi podzera njira yawo. Edmund Burke, mwana wa ku Ireland, adalemba mu 1757 kuti choopsa chikatiyandikira kwambiri chimangokhala choopsa basi, koma chikakhala patali pang'ono chimatha kutipatsa chisangalalo cha mtundu wake. Kale kwambiri iye asadabadwe, Aristotle adaphunzitsa kuti sewero la tsoka limadzutsa chifundo ndi mantha mwa oonerera kuti mitima yawo itsukidwe. Ndikaganizira za holo ya ku Labia ija tsopano, ndimaona kuti idali ndi mpanda wonga wa agogo. Tikiti idali khomo lolowera, kuyaka kwa nyali kudali khomo lotulukira. Aliyense ankadziwa kuti Orlok ndi Max Schreck, katswiri wa zisudzo wopakidwa utoto. Palibe adatuluka m'holomo kukasaka namapopa m'misewu ya Cape Town. Mantha amene ndidagula usiku uja ndidawalipira ndekha, ndipo adathera pa ine.

Mantha a m'tiyirumu adalibe chilichonse cha zimenezi. Sindidayambe ndi "Padangokhala." Ndidayamba ndi "Ndawaona." Nkhaniyo idalibe mawu otsekera, moti idapitirira kukula m'kamwa mwa aliyense amene adailandira. Inkaoneka yaulere, pakuti palibe adadula tikiti, ndipo wokamba nkhaniyo adapatsidwanso sikono. Koma mantha aulere kulibe. Mtengo wake udalipo, ndipo adaulipira ndi bambo wokonza mijigo, ndi mkono wake ndi diso lake. Pamenepa m'pamene ndidapeza muyeso umene ndimagwiritsa ntchito lero. Pa nkhani iliyonse yoopsa, kaya ndi filimu, nthano, ulaliki kapena uthenga wa pafoni, ndimafunsa kuti akulipira ndani. Ngati wolipira ndi amene wasankha yekha kumvetsera, ndipo akadzuka pampando nkhani yatha, sindiona tchimo. Ngati bilu yake ikupita kwa munthu amene palibe pamalopo, nkhani imeneyo ndi yoipa ngakhale itakambidwa paguwa.

Ndisanamizire kuti tikiti yokha imayeretsa chilichonse. Filimu nayo imatha kuloza chala. Akatswiri ena a kanema adaonapo kuti maonekedwe a Orlok, mlendo wochokera kummawa wobwera ndi makoswe ndi mliri, amafanana ndi zithunzi zonyoza Ayuda zimene zinkafala ku Germany m'zaka zimenezo, ndipo tonse tikudziwa kumene chidani chimenecho chidakathera. Mafilimu ambiri oopsa amaveka uchilombo nkhope ya gogo wamakwinya, ya wodwala misala kapena ya munthu wolumala. M'dziko limene mu Januwale 2016 anthu anayi okalamba adaphedwa ku Neno powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphezi imene idapha mtsikana wa zaka 17, chithunzi chotere sichingatengedwe mopepuka. Lamulo la mu 1911 lidaletsa kuloza munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo silingalowe m'mutu mwa mwana amene waonera mafilimu makumi awiri omuuza kuti gogo wokhala yekha amauluka usiku. Choncho woonerera ali ndi udindo wake. Ayenera kudzifunsa kuti, filimu iyi ikundiphunzitsa kuopa yani? Chimene ndimailemekezera Nosferatu, pamodzi ndi zilema zake, n'chakuti idatembenuza kamera n'kuloza chikhamu. Idandionetsa ine.

Moyo sudachedwe kundipatsa phunziro lina. Mu Meyi 2008 ku South Africa kudabuka ziwawa zothamangitsa anthu obwera. Zidayambira ku Alexandra mu Johannesburg n'kufalikira mpaka ku Cape Town, ndipo anthu 62 adaphedwa. Msuweni wanga, yemwe uja ankaseka namapopa wa azungu, adabwera kumudzi pa basi ali ndi chikwama chimodzi. Kumeneko mlendo wobweretsa tsoka adali iye. Anthu ankauzana kuti obwera ndiwo akulanda ntchito ndi kubweretsa umbanda, ndipo nkhani zimenezo nazonso zinkayamba ndi "ndawaona." Nditakamuona adandiuza kuti, "Asuweni, chidole cha m'munda chija ndinali ine." Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kenaka idafika 2017. Mu Seputembala mphekesera ya anamapopa idabukanso ku Mulanje, n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka mu Blantyre. Anthu osachepera 9 adaphedwa. Mmodzi mwa iwo, amene adatenthedwa mu Blantyre mu Okutobala, adali munthu wodwala khunyu. Bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo apolisi adamanga anthu oposa 100. Nthawi imeneyi tiyirumu idali itasamukira m'mafoni. Pa gulu la WhatsApp la anzanga a kuntchito, anthu a madigiri awo, wina adatumiza uthenga wonena za galimoto lina, mtundu wake ndi malo amene lidaonekera. Manja anga adanjenjemera. Ndidalemba kuti, "Bwana, mwaliona ndinu? Ngati simunalione, chonde fufutani, m'galimotomo muli munthu." Ena adandiseka kuti ndikudziyesa mzungu. Mmodzi adandifunsa ngati ndili nawo m'gulu la opopawo.  Sindikudzitama nazo, chifukwa mawu amenewo ndidayenera kuwanena zaka 15 m'mbuyomo, pamaso pa anthu onyamula miyala, ndipo ndidalephera.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi, amene ali ku sekondale, adandipempha kuti aonere filimu yoopsa ndi anzake usiku wa Halloween, pakuti mwambowu ana a m'tauni akuudziwa kudzera pa intaneti. Mayi ake adakana, nati zimenezo n'zoitana ziwanda m'nyumba. Ine sindidafune kuwatsutsa pamaso pa mwana, koma titakhala awiri ndidawauza maganizo anga, ndipo kwa nthawi yoyamba ndidawasimbira za wokonza mijigo. Adakhala chete nthawi yaitali. Tidagwirizana kuti filimuyo tisankhe ndife, yolingana ndi msinkhu wake, aonere pabalaza ife tili pomwepo, ndipo ikatha tiyatse nyali ndi kukambirana. Itatha ndidafunsa anawo mafunso awiri: mumaopa yani mufilimuyi, ndipo kodi munthu wooneka choncho mukakumana naye mawa pamsika mudzamutani? Adakangana mpaka usiku, ndipo mkangano umenewo udandikondweretsa kuposa filimuyo.

Tsono yankho langa kwa msuweni wanga, ngakhale lachedwa, ndi ili. Usiku uja ndinkakwiyira ine mwini. Anthu a mano a pulasitiki aja sadalakwire munthu. Adadyetsa chilakolako chawo cha mantha m'khola, ndi ndalama zawo, ndipo atakhuta adapita kwawo kukagona. Ine wa tayi, amene ndinkawayang'ana monyoza, ndidadyetsa changa pamsika ndi thupi la munthu wina. Sindikunena kuti Amalawi tiyambe kusema maungu, pakuti maungu kwathu ndi chakudya, ndipo nthano zathu zoopsa tili nazo zokwanira. Ndikungopempha kuti tibwezeretse mpanda umene agogo adatisiyira. Nkhani yopeka tiziitchula kuti ndi yopeka. Chimene sitidachione ndi maso tisamachiyambe ndi mawu akuti "ndaona." Ndipo nkhani yoopsa ikangotchula munthu wamoyo, kaya ndi gogo, mlendo, wodwala kapena woyendetsa galimoto loyera, tiziima kaye ndi kufunsa amene watiuzayo kuti waona yekha kapena wamva.

Bambo wokonza mijigo uja sindidamuonenso. Nditasamutsidwa pa boma lija ndidayesa kufunsa za iye, koma anthu adangoti adabwerera kwawo, ndipo palibe ankafuna kukumbutsidwa za tsikulo. Dzina lake sindilidziwa. Ngati ali moyo, tsopano ndi wokalamba, ndipo mwina adzukulu ake amamufunsa chimene chidachitikira diso lake. Sindikudziwa ngati amawauza kuti kudali kalaliki wina wachinyamata amene adafuna kumvedwa m'tiyirumu. Ndalemba izi kuti ngati iye sanena, ine ndinene, ndiponso kuti mnyamata wina amene mawa adzaone makapu akuikidwa pansi chifukwa cha nkhani yake adzakumbukire kuti sikono imeneyo ili ndi mwini wake woilipira.